Kusagwirizana kwa zimbale za mawu apamwamba ndi makina akale oimbira

Kusagwirizana kwa zimbale za mawu apamwamba ndi makina akale oimbira ndi vuto lomwe limachitika pamene chimbale cha nyimbo chomwe chili bwinobwino chikukana kulira, kapena chikulira mosayenera, m'makina omwe anapangidwa mtundu wa chimbalecho usanabwere. Vutoli limakhudza kwambiri zimbale za SACD, DVD-Audio, DualDisc, DTS-CD ndi Blu-ray ya nyimbo. Pa maonekedwe, zimbale zonsezi n'zofanana ndi CD wamba: n'zozungulira, n'zonyezimira, m'mimba mwake ndi masentimita 12 ndipo zimakwana m'thireyi imodzimodzi. Kusiyana kwake kuli mkati, pa kukula kwa timaenje tosunga mawu, pa kuya kwa gawo lomwe timaenjeto tili, pa njira yomwe mawu analembedwera ndiponso pa maloko oletsa kukopera.

Ku Malawi zimbale za mawu apamwamba sizinafale m'masitolo, koma zimafika kudzera mwa abale ochokera kunja komanso m'katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Vuto la mtundu womwewu limadziwika kwambiri pa zimbale zobena pa kompyuta, monga CD-R, CD-RW ndi zimbale za MP3. M'madera ngati Nsipe, m'boma la Ntcheu, komwe makina ambiri oimbira ndi akale kapena otsika mtengo, chimbale chikakana kulira anthu amaganiza kuti chafa kapena kuti makina awonongeka. Nthawi zambiri zonse ziwiri zimakhala zili bwino, kungoti sizinapangidwe kuti zigwirire ntchito limodzi.

Muyezo wa CD wamba

Makampani a Philips ndi Sony anagwirizana za muyezo wa CD ya nyimbo mu 1980. Malamulo ake analembedwa m'buku lodziwika ndi dzina loti Red Book. Makina oyamba ogulitsidwa kwa anthu, Sony CDP-101, anatuluka ku Japan mu 1982.

Muyezowu umati mawu ayezedwe ka 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo kuyeza kulikonse kulembedwe ndi mabiti 16, m'njira ziwiri za mawu, yakumanzere ndi yakumanja. Izi zimapanga mabiti 1,411,200 pa sekondi, kapena pafupifupi mamegabaiti 10 pa mphindi. Chimbale chimodzi chimasunga mphindi 74 mpaka 80 za nyimbo.

Manambalawa amasungidwa m'timaenje tating'ono kwambiri tomwe tandandalikidwa mumzere umodzi wozungulira kuchokera pakati pa chimbale kupita kumphepete. Chimbalecho n'chochindikala mamilimita 1.2, ndipo timaenje tili pafupi ndi mbali yolembedwa dzina. Kuwala kwa laser kumadutsa pulasitiki yonseyo, kugunda gawo lonyezimira n'kubwerera ku diso la makina, lomwe amisiri okonza mawailesi amalitchula kuti lenzi. Makina aliwonse okhala ndi chizindikiro cha Compact Disc Digital Audio anapangidwa kuti awerenge chimbale chotsatira malamulowa. Chimbale chosiyana ndi malamulowa, ngakhale pang'ono, makinawo akhoza kuchikana.

Tanthauzo la mawu apamwamba

Mawu apamwamba ndi mawu ojambulidwa ndi muyezo woposa wa CD. Nthawi zambiri amayezedwa ka 96,000 kapena ka 192,000 pa sekondi, ndipo amalembedwa ndi mabiti 24. Kuyeza mawu kambiri pa sekondi kumathandiza kusunga mawu okwera kwambiri, pomwe kuchuluka kwa mabiti kumakulitsa mpata wa pakati pa mawu otsitsitsa ndi mawu okwezetsa. Mabiti 16 amapereka mpata wa madesibelo pafupifupi 96, ndipo mabiti 24 amafika pa 144 powerengera pa pepala.

Zimbale zambiri za mawu apamwamba zimakhalanso ndi mawu ozungulira womvera, otuluka m'masipika asanu ndi sabufa imodzi, omwe amalembedwa kuti 5.1. Zonsezi zimafuna malo ambiri kuposa mamegabaiti 700 a CD, n'chifukwa chake opanga anatengera luso la DVD, yomwe inatuluka ku Japan mu 1996 ndipo imasunga magigabaiti 4.7 pa gawo limodzi.

Zifukwa zitatu zomwe chimbale chimakanira

Kuti nyimbo imveke, makina ayenera kukwanitsa zinthu zitatu motsatizana: kuona timaenje, kumasulira manambala omwe awerenga, ndi kutsekula loko ngati chimbalecho chili naye. Akalephera chimodzi, nyimbo siimveka.

Choyamba ndi diso. Makina a CD amagwiritsa ntchito laser ya mananomita 780, a DVD ya mananomita 650, ndipo a Blu-ray ya mananomita 405. Nambalayi ikamachepa, kadontho ka kuwala kamachepanso ndipo kamatha kuona timaenje tating'ono koposa. Pa CD mizere ya timaenje imatalikirana mamaikiromita 1.6, pa DVD 0.74, pa Blu-ray 0.32. Kuya kwa gawo losunga mawu kumasiyananso: pa CD ndi pafupifupi mamilimita 1.2 kuchokera kunsi kwa chimbale, pa DVD ndi 0.6, pa Blu-ray ndi 0.1. Diso la CD silingalunjike pa gawo la DVD, ndipo ngakhale litalunjika, kadontho kake n'kakakulu moti kangaphimbe mizere ingapo nthawi imodzi.

Chachiwiri ndi kumasulira. Makina akhoza kuona timaenje bwinobwino koma osadziwa tanthauzo la manambalawo. Mkati mwa makina aliwonse muli kachipangizo komwe kanaphunzitsidwa mitundu yowerengeka ya kalembedwe ka mawu pa nthawi yomwe kankapangidwa. Makina a DVD a mafilimu amadziwa Dolby Digital, koma ambiri sadziwa DSD ya pa SACD kapena MLP ya pa DVD-Audio.

Chachitatu ndi loko. Makampani a nyimbo anaona momwe CD inkakoperedwa mosavuta pa makompyuta kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anafuna kuti zimbale zatsopano zikhale zokhoma. Makina okhawo omwe opanga ake analipira chilolezo ndi omwe anapatsidwa makiyi ake.

SACD

Super Audio CD, kapena SACD, inatulutsidwa ndi Sony ndi Philips mu 1999, ndipo makina ake oyamba anali Sony SCD-1. Imagwiritsa ntchito kalembedwe kotchedwa DSD, komwe mawu amayezedwa ka 2,822,400 pa sekondi ndi biti imodzi yokha. Liwiroli limaposa la CD ka 64. Ngakhale m'dzina lake muli zilembo zoti CD, gawo lake la mawu apamwamba linapangidwa ngati la DVD ndipo limawerengedwa ndi laser ya mananomita 650.

Pali mitundu itatu ya SACD. Woyamba uli ndi gawo limodzi la mawu apamwamba, wachiwiri uli ndi magawo awiri a mawu apamwamba, ndipo wachitatu, wotchedwa Hybrid, uli ndi gawo limodzi la mawu apamwamba ndi lina la CD wamba. Mitundu iwiri yoyambayo siilira m'makina a CD ngakhale pang'ono. Zimbale zambiri zomwe Sony inatulutsa m'zaka zoyambirira zinali za gawo limodzi, ndipo ogula ena anakhumudwa ataona kuti sizikulira m'nyumba kapena m'galimoto.

Pa chimbale cha Hybrid, gawo la mawu apamwamba lili pa kuya kwa mamilimita 0.6 ndipo linapangidwa kuti lizibweza kuwala kwa mananomita 650 koma lizilola kuwala kwa mananomita 780 kudutsa. Choncho laser ya makina a CD imapyola gawoli n'kukawerenga gawo la CD lomwe lili kuseri kwake. Womvera amamva nyimbo, koma pa muyezo wa CD wamba. Zimbale zakale za gulu la Rolling Stones zomwe zinatulutsidwanso mu 2002, komanso Dark Side of the Moon ya Pink Floyd yomwe inatulukanso mu 2003, zinali za mtundu umenewu.

Hybrid nayo ili ndi zovuta zake. Makina ena akale a DVD amayamba aona gawo la pa mamilimita 0.6, n'kuganiza kuti ndi DVD, kenako n'kulephera kuliwerenga m'malo mopita ku gawo la CD. Makina a CD omwe laser yake yafooka ndi ukalamba amavutikanso, chifukwa kuwala kumachepa mphamvu kukamadutsa gawo lapakati popita ndi pobwerera. Makompyuta wamba amawerenga gawo la CD lokha, poti gawo la SACD lili ndi chidindo chobisika m'kapangidwe ka timaenje chotchedwa Pit Signal Processing. Makina a masewera a PlayStation 3 oyambirira, a mu 2006 ndi 2007, ankatha kuimba SACD, koma luso limeneli linachotsedwa pa otuluka pambuyo pake.

DVD-Audio

DVD-Audio inakonzedwa ndi bungwe la makampani lotchedwa DVD Forum. Muyezo wake unamalizidwa mu 1999, koma zimbale zinayamba kugulitsidwa mu 2000. Kuchedwaku kunadza chifukwa loko wa DVD ya mafilimu, CSS, anathyoledwa mu 1999, ndipo makampani anasankha kuyamba akonza loko wina wotchedwa CPPM.

DVD-Audio imatha kusunga mawu oyezedwa ka 192,000 pa sekondi ndi mabiti 24 m'njira ziwiri, kapena ka 96,000 m'njira zisanu ndi imodzi. Mawu a njira zisanu ndi imodziwo amafuna mabiti pafupifupi 13.8 miliyoni pa sekondi, pomwe DVD imalola 9.6 miliyoni basi. Pofuna kuthana ndi zimenezi, anatenga njira yopanikiza mawu popanda kutayapo kanthu yotchedwa MLP, yomwe inapangidwa ndi kampani ya Meridian ya ku Britain.

Chimbale cha DVD-Audio sichilira m'makina a CD. M'makina a DVD a mafilimu chimalira pokhapokha ngati opanga anaikamo nyimbo zomwezo kachiwiri. Mawu apamwamba amakhala mu foda yotchedwa AUDIO_TS, yomwe makina a mafilimu saitsekula, ndipo nyimbo zachiwirizo zimakhala mu foda ya VIDEO_TS, nthawi zambiri mu Dolby Digital kapena DTS. Zimbale zambiri zinapangidwa motero. Chotsatira chake n'chakuti munthu akhoza kuimba DVD-Audio kwa zaka zambiri osadziwa kuti mawu apamwamba omwe analipira sanawamvepo. Vuto lina n'loti zimbale zambiri zoterezi zimafuna wailesi ya kanema kuti munthu asankhe nyimbo pa menyu.

DualDisc

Mu 2004 makampani akuluakulu a nyimbo ku America anatulutsa DualDisc, chimbale cha nkhope ziwiri: mbali imodzi ya DVD, ina yonga CD. Cholinga chinali choti chimbale chimodzi chizilira paliponse. Koma kumata CD yathunthu ndi DVD kukanapanga chimbale chochindikala kwambiri, motero anapepula mbali ya CD kufika pa mamilimita pafupifupi 0.9, pomwe Red Book imafuna osachepera 1.1. Chimbale chonse chinali chochindikala pafupifupi mamilimita 1.5.

Chifukwa cha zimenezi, DualDisc sinaloledwe kukhala ndi chizindikiro cha Compact Disc. Makina ena ankalephera kulunjika diso pa mbali ya CD, ndipo m'makina omeza chimbale pa kampata, monga a m'galimoto, chinkatha kukanirira kapena kukalika. Makampani angapo opanga makina anachenjeza ogula awo za zimbalezi. Patangopita zaka zochepa DualDisc inasiya kupangidwa.

DTS-CD ndi HDCD

Mitundu iwiriyi imasonyeza kusiyana kwa kuona ndi kumasulira, chifukwa yonse ndi CD yeniyeni yomwe diso la makina alionse a CD limaiona.

DTS-CD imasunga mawu ozungulira a 5.1 m'malo omwe CD wamba imasunga mawu a njira ziwiri. Makina a CD amaiwerenga osadandaula, koma poti sadziwa kuti manambalawo ndi a DTS, amawatulutsa ngati phokoso lamphamvu la kuwayawaya. Phokosoli likhoza kuwononga masipika ngati voliyumu ili pamwamba. Nyimbo imamveka pokhapokha manambalawo atumizidwa pa waya wa digito ku ampulifaya yodziwa DTS.

HDCD inatulutsidwa ndi kampani ya Pacific Microsonics mu 1995, ndipo Microsoft inagula kampaniyo mu 2000. Imabisa malangizo owonjezera mu biti yomaliza ya mabiti 16 aja. Makina odziwa HDCD amatsatira malangizowo n'kukulitsa mpata wa mawu, pomwe makina osaidziwa amangoimba chimbalecho ngati CD wamba. Pa mitundu yonse yofuna kukweza mawu, HDCD ndi yomwe inagwirizana bwino ndi makina akale.

Blu-ray ndi mayina osokoneza

Blu-ray inatuluka mu 2006 ndipo imasunga magigabaiti 25 pa gawo limodzi. Mu 2013 kampani ya Universal Music inayamba kugulitsa zimbale za Blu-ray za nyimbo zokha pansi pa dzina loti High Fidelity Pure Audio. Zimbalezi zimalira m'makina a Blu-ray wamba, koma sizilira m'makina a CD kapena a DVD.

Mayina ena amasokoneza ogula. SHM-CD ndi Blu-spec CD, zomwe zimapangidwa ku Japan, ndi ma CD wamba ongosiyana pulasitiki kapena kadindidwe, ndipo zimalira m'makina alionse a CD. Blu-spec CD si Blu-ray. Koma SHM-SACD ndi SACD ya gawo limodzi, ndipo siilira m'makina a CD.

M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 kunalinso zimbale zooneka ngati CD wamba zomwe anazisokoneza dala kuti makompyuta alephere kuzikopera, monga za chizindikiro cha Copy Control. Zina mwa izo zinkakana kulira m'makina a m'galimoto ndi a DVD, omwe amawerenga chimbale mofanana ndi kompyuta.

Mawaya ndi ampulifaya

Nthawi zina chimbale ndi makina zimagwirizana, koma mawu amathera panjira yopita ku ampulifaya. Waya wa digito wakale wa S/PDIF, kaya wa kopa kapena wa kuwala, sunapangidwire kunyamula mawu apamwamba a njira zisanu ndi imodzi, ndiponso malamulo a chilolezo ankaletsa makina kutulutsa mawu a SACD pa waya wopanda loko. Makina ambiri a SACD amangokhala chete pa S/PDIF akamaimba gawo la mawu apamwamba. Poyamba njira yodalirika inali kulumikiza mawaya asanu ndi limodzi a analogi. HDMI 1.1 ya mu 2004 inayamba kunyamula DVD-Audio, ndipo HDMI 1.2 ya mu 2005 inawonjezera DSD. Ampulifaya yakale kuposa pamenepo imafunabe mawaya a analogi.

Vutoli ku Nsipe ndi ku Malawi

Nsipe ili m'mbali mwa msewu wa M1, kum'mwera kwa boma la Ntcheu, njira yopita ku Balaka ndi ku Blantyre. Pali parishi ya Katolika ya mu Dayosizi ya Dedza. Balaka, yomwe ili pafupi, ndi kwawo kwa Alleluya Band, yomwe inayamba mu 1978, komanso kwa oimba Paul Banda ndi Lucius Banda. Nyimbo za ku Balaka zinafala m'dziko lonse m'zaka za m'ma 1990 kudzera pa makaseti, omwe ambiri ankagulitsidwa kudzera kwa O.G. Issa ku Limbe. Kaseti inalibe vuto la kusagwirizana: iliyonse inkalira m'wailesi iliyonse ya kaseti.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 2000, pamene ma CD, ma VCD ndi ma DVD analowa m'malo mwa makaseti. Oimba ambiri ndi makwaya a m'matchalitchi sankadinditsa zimbale ku fakitale koma ankabenetsa pa kompyuta pogwiritsa ntchito zimbale zopanda kanthu za CD-R kapena DVD-R, ndipo zogulitsidwa mwalamulo zinkamatidwa chizindikiro cha bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992. Zimbale zobenazi zimakumana ndi zopinga zomwe zija, makamaka ya diso ndi ya kumasulira.

CD yodinda ku fakitale imabweza kuwala kosachepera magawo 70 pa 100 alionse. CD-R imasunga mawu mu utoto wootchedwa ndi laser, ndipo imabweza kuwala kochepera pang'ono, moti makina okalamba amadumphadumpha nayo. CD-RW, yomwe inatuluka mu 1997 ndipo imafufutika, imabweza magawo 15 mpaka 25 okha, ndipo makina ambiri a CD opangidwa isanabwere saiona n'komwe. Makina ena oyambirira a DVD anali ndi laser imodzi yokha ya mananomita 650, yomwe siiona bwino utoto wa CD-R. N'chifukwa chake opangidwa pambuyo pake anaikidwa ma laser awiri.

Pa kumasulira, kusiyana kwakukulu kuli pakati pa CD ya nyimbo ndi chimbale cha mafayilo. Wobena akhoza kuika nyimbo pa CD-R m'njira ya Red Book, ndipo zimakwana mphindi 80, kapena kuika mafayilo a MP3, omwe amatha kupitirira maola 10. Chimbale cha MP3 chimalira mu DVD zambiri ndi pa kompyuta, koma wailesi yakale ya CD imachikana kapena imangoyendetsa nthawi popanda mawu. Chimbale chomwe wobena sanachitseke pomaliza chimakhala chopanda mndandanda wa nyimbo womwe makina amayamba kuwerenga, choncho chimalira pa kompyuta yokha.

Komwe makina anachokera kumawonjezera zovuta zina. Magalimoto ambiri ogwiritsidwa kale ntchito ku Malawi amachokera ku Japan, ndipo akale mwa iwo ali ndi mawailesi omwe sadziwa MP3. Ena ali ndi kampata ka MiniDisc, kachimbale ka Sony ka mu 1992 komwe sikanafale kuno. Pa zimbale za DVD za mafilimu ndi mavidiyo a nyimbo, dziko lonse linagawidwa m'zigawo: Malawi ili m'chigawo 5, South Africa, Britain ndi Japan zili m'chigawo 2, ndipo America ili m'chigawo 1. Makina ochokera ku Britain kapena ku South Africa omwe sanatsekulidwe amakana chimbale chokhomedwa cha chigawo china, ngakhale DVD zambiri zotsika mtengo za m'misika zimaimba zigawo zonse. SACD ilibe malire a zigawo. Magetsi nawonso amasiyana: ku Malawi ndi mavoti 230, ku Japan ndi 100 ndipo ku America ndi 120, moti makina a kumeneko olumikizidwa popanda thiransifoma akhoza kupsa.

Masiku ano nyimbo zambiri zimayenda pa foni, pa memory card ndi pa flash, koma vutoli silinathe. Masabufa ndi mawailesi ambiri otsika mtengo amadziwa MP3 koma sadziwa mafayilo a FLAC kapena WAV ya mabiti 24, omwe ndi omwe amatuluka m'situdiyo zamakono. Ambiri amawerenganso makhadi okonzedwa mu FAT32 okha, pomwe makhadi oposa magigabaiti 32 amabwera ali mu exFAT.

Kuzindikira gwero la vuto

Njira yoyamba ndi kufananiza zizindikiro za pa chikuto cha chimbale ndi za kutsogolo kwa makina. Ngati pa chimbale palembedwa SACD popanda mawu oti Hybrid kapena chizindikiro cha Compact Disc, sichingalire m'makina a CD. Ngati palembedwa DVD-Audio, pafunika kuona ngati palinso chizindikiro cha Dolby Digital kapena DTS.

Kachitidwe ka makina kamasonyezanso komwe kuli vuto. Akalemba kuti No Disc pamene chimbale chili mkati, ndiye kuti diso silikuona gawo losunga mawu. Akazunguza chimbale kwa nthawi n'kulemba uthenga woti pali cholakwika, nthawi zambiri amakhala ataona timaenje koma alephera kumasulira kapena kutsekula loko. Phokoso la kuwayawaya kuyambira pa nyimbo yoyamba limasonyeza DTS-CD. Ngati makina akuimba bwino ma CD odinda ku fakitale koma akukana chimbale chimodzi chokha chopanda mikwingwirima, kusintha lenzi sikungathandize. Koma ngati ayamba kudumpha pa zimbale zomwe kale ankaimba bwino, fumbi la pa lenzi kapena kufooka kwa laser ndiko kungakhale gwero. Kudziwa kusiyana kumeneku kumapulumutsa ndalama zolipira mmisiri pa makina omwe sanawonongeke, komanso kumapewetsa mkangano pakati pa wogula ndi wogulitsa chimbale.

Msika ndi zotsatira zake

SACD ndi DVD-Audio zinalimbirana msika m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo makina oyambirira a mtundu umodzi sankaimba mtundu winawo. Ogula ambiri anadikira kuti aone wopambana. Makampani monga Pioneer ndi Denon anatulutsa makina oimba mitundu yonse iwiri, koma pa nthawiyo anthu anali atatembenukira ku MP3 ndi iPod, yomwe inatuluka mu 2001. DVD-Audio inazilala, pomwe SACD inatsala ndi msika waung'ono, makamaka wa nyimbo za classical ndi jazz. Kampani ya Oppo Digital, yomwe inkadziwika ndi makina oimba pafupifupi mitundu yonse ya zimbale, inalengeza mu 2018 kuti yasiya kuwapanga.

Panalinso mtsutso woti kaya khutu la munthu limamva kusiyanako. Munthu wa makutu abwino amamva mawu a pakati pa 20 ndi 20,000 Hz, ndipo CD imafika pa 22,050 Hz. Mu 2007 Brad Meyer ndi David Moran anasindikiza kafukufuku mu magazini ya Audio Engineering Society, momwe omvera anayesedwa ka 554 kusiyanitsa mawu apamwamba ndi mawu omwewo otsitsidwa kufika pa muyezo wa CD. Anayankha molondola pafupifupi theka la maulendowo, zomwe sizisiyana ndi kungolota. Akatswiri ena anatsutsa momwe kafukufukuyo anachitikira. Chomwe ambiri amavomereza n'choti mawu ozungulira a 5.1 amamveka mosiyana kwambiri ndi a njira ziwiri, komanso kuti zimbale zambiri za SACD zimamveka bwino chifukwa nyimbo zake zinakonzedwanso mosamala m'situdiyo.

Kusunga nyimbo

Kusagwirizana kwa zimbale ndi makina kumakhudza kasungidwe ka nyimbo. Nyimbo yomwe ili pa mtundu umodzi wokha wa chimbale imadalira kupezeka kwa makina ake, ndipo makina oimbira zimbale akunka nachepa m'masitolo. Kwa makwaya ndi oimba a m'madera ngati Nsipe, chiopsezo n'chachikulu chifukwa utoto wa CD-R umawonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyontho, ndipo nthawi zina chimbale chobenacho ndi chokhacho chomwe chatsala.

Osunga zojambulidwa amalimbikitsa kukopera nyimbo kuchoka pa chimbale chisanawonongeke, kuzisunga m'mafayilo osataya kanthu monga WAV kapena FLAC, ndi kuziika m'malo osachepera awiri. Kuchokera pa mafayilo amenewo munthu akhoza kupanga CD ya nyimbo yolira m'makina akale, kapena MP3 yolira pa foni ndi pa sabufa. Kusandutsa MP3 kukhala WAV sikubweza zomwe zinatayika popanikiza, choncho gulu lomwe lajambulitsa nyimbo ku situdiyo limayenera kutenga mafayilo oyambirira pamodzi ndi chimbale.